Mbali imene abambo anagonera

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anawabweretsa kunyumba ali pamachira. Ankayendetsa lole ya matabwa kuchokera ku Chikangawa, ndipo tsiku lina kuli nkhungu loleyo inagubuduzika pakona. Anakhala m'chipatala miyezi itatu, kenaka madokotala anati palibenso chimene angachite. Ife pa Mzimba boma tinali obwera, kwathu ndi ku Dowa, choncho odwazika matenda tinali amayi ndi ine basi.

Abambo sanali m'tulo, komanso sanali maso. Kukacha ankatsegula zikope, kukada n'kutseka, koma ukawaitana sankacheuka. Amayi ankawatsamiritsa pamapilo n'kumawamwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, pang'onopang'ono kuti lisawatsamwe. Ankawapukuta, kuwadzoza mafuta, kuwongola zala zimene zinkafumbata zokha, uku akuwauza mtengo wa usipa kumsika ngati ayankha. Ine, ndinene zoona, zinkandinyansa. Fungo la mkodzo linakanirira m'matiresi, ndipo sindinkafuna kuti mnzanga aliyense aponde pakhomo pathu.

Chimene anatsindika Anyamoyo, namwino wachitumbuka amene tinayandikana naye nyumba, chinali chimodzi. "Muziwatembenuza pafupipafupi, mama. Thupi likagonera mbali imodzi khungu likufa, mbwenu chilonda. Ndipo chilonda chake n'chovuta chomene."

Chaka chimenecho kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko abwera kumpoto. Achinyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti mayi aliyense azipita kubwalo masana kukakonzekera magule. Amayi anayesa kunena za odwala, koma masiku amenewo kukana kunali kudziputira nkhani. Anandiphunzitsa kukoka chitenje chimene ankayala pansi pa abambo, ndipo popeza anali atatha thupi, ndinkawatembenuza ndekha bwinobwino. Amayi ankachoka atawagoneka moyang'ana kukhoma. Ine ndinkayenera kuwatembenuza katatu, kuti pobwera madzulo aziwapeza atayang'ana kuchitseko.

Mwana wochenjera ndinali ine Esinati. Ndinaona kuti kutembenuza katatu ndi kutembenuza kamodzi mathero ake ndi amodzi: kuchitseko. Amayi akangokhota panjira, ine ulendo ku fulaye. Ndinkasewera mpaka dzuwa kupendeka, n'kuthamangira kunyumba, kukoka chitenje kamodzi, n'kukhala pakhonde ngati mwana wabwino. Amayi akafunsa, ndinkayankha mosaphethira kuti zonse ndachita. Mumtima ndinkati ndani angandinenere. Ndinachita zimenezi milungu iwiri.

Loweruka lina powasambitsa, amayi anafuula. Pachiuno, mbali imene ndinkawasiyira, khungu linali litada, pakati patatseguka. Anyamoyo atabwera anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mama, ndinakuuzani chiyani ine? Munthu uyu sakuyowoya, salankhula, pakamwa pake ndinu. Mwamulekerera chomene."

Ndinadikira kuti amayi anditchule. Sananditchule. Anagwada pambali pa bedi, nagwira dzanja lofumbata lija.

"Abambo ake Esinati, pepani. Mwana wachita mbali yake, ndine ndimagona tulo tofa nato usiku. Ndimabwera nditatopa ndi magule aja. Mundikhululukire."

Ndinali chiimire pachitseko, beseni lili m'manja. Abambo anali atayang'ana kumene ndinaima. Sindikudziwa ngati ankandiona. Anyamoyo ankanena kuti anthu otere ena amamva zina, ena ayi, ndipo palibe angalumbire. Koma ine maso amenewo ndinalephera kuwapirira, ndinayang'ana pansi. Mawu anafika pakhosi, ndinawameza. Ndinkaopa mkwapulo, inde, koma kwenikweni ndinkaopa kuti amayi asiya kunditcha mwana wothandiza.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanagonenso bwino. Ankadzuka kangapo kuwatembenuza, n'kumatsuka chilondacho ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo. Inenso ndinasiya fulaye, koma kusiya kwake kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Chilonda chinalowa m'kati, thupi linayamba kutentha, ndipo mvula isanathe abambo anatisiya. Kaya chinawatenga ndi chilonda kaya chifuwa, palibe anatiuza.

Lero ndine gogo. Ndadwazikapo anthu angapo, ndipo ndikudziwa kuti wodwala amene amabuula ndi wamwayi, chifukwa kubuula kwake kumakudzutsa. Wosalankhula alibe chodzitetezera china koma chilungamo cha amene wamusiyira, pamene palibe akuona. Ine ndinanamiza abambo chifukwa chakuti sakanatha kundinenera, ndipo manyazi a zimenezo sanandichoke. Kangapo ndinapita kwa amayi ku Dowa nditatsimikiza mtima kuti ulendo uno ndiulula, n'kubwerako titangocheza za fodya ndi mvula. Anamwalira akukhulupirira kuti mwamuna wawo anawola chifukwa iwo anagona tulo.