Mlongoti wa a Kalisto Chimtengo

Ine sukulu sindinapondeko. Zimene mukuwerengazi ndikunena pakamwa, akundilembera ndi alembi a limana lathu, kagulu kathu ka Akhristu a m'mudzi. Bambo mfumu anati wina asimbe moyo wa a Kalisto Chimtengo amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo ndavomera chifukwa pali zina zimene ndikudziwa ine ndekha. Muwerenge mosamala.

A Kalisto anabadwira kumtunda kwa Kabwazi, kumene chifunga chimatsala mpaka dzuwa litakwera. Mayi awo anamwalira iwo asanayambe kulima. Ali mnyamata anapita ku Dedza boma, nakakhala zaka zisanu ndi zinayi m'sitolo ya a Habib, Msilamu wokonza mawailesi. A Habib akatseka sitolo Lachisanu kupita kumzikiti, a Kalisto ankatsala pakhonde ndi korona yawo yopempherera. Sanakanganepo. Atabwerera anakwatira a Magadalena, nalima mbatatesi, ndipo wailesi ya wamasiye ankaikonza ulere.

Ine anthu amanditcha Mai Samalani. Ndimachenjeza za mphenzi, za minibasi za pa Chimbiya, za mafoni amene ana amagona nawo kumutu. Koma chimene chinatipweteka sindinachichenjeze.

A Magadalena atafa ziwalo mbali imodzi, analephera kukwera chitunda cha kutchalitchi. A Kalisto anatola zitsulo za mawailesi akufa, batire ndi sola, napanga kamakina kotumiza mawu. Akalankhula kutchalitchi chathu chaching'ono, mawu ankatuluka pa wailesi ya akazi awo kunyumba. Posakhalitsa odwala ndi okalamba a midzi itatu ankatsegula mawailesi nthawi ya 3 koloko masana, kupemphera nawo korona. Kwathu kuseri kwa phiri sikunkamveka. Ndine ndinawauza kuti, “Achimwene, kwezani mlongoti wa kamakina kanuko, ife a kuchigwa si Akhristu kodi?” Anaseka, nadula bulugamu wamtali, nawonjezera mphamvu.

Mu Okutobala, mwezi wa korona, mdzukulu wanga Kristina anayamba matenda a uchembere. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kuchigwa, kumene foni sigwira. Anamwino akafuna ambulansi amaitana pa wailesi yawo ya mesenji. Mwana anagona chopingasa m'mimba. Anamwino, mayi wachilendo wochokera kummwera, anakanikiza batani naitana. M'malo mwa yankho munatuluka mawu a a Kalisto: “Tikuoneni Maria wa chaulere chodzaza.”

Ndikuulula pano kuti ine ndinagwada. Ndinati Amayi Maria atipeza.

“Agogo, dzukani,” anatero anamwino. “Ameneyu watseka njira. Mukumudziwa?”

Ndinati sindikumudziwa. Ndinaopa kuti awamanga. Korona ya tsiku limenelo inali yaitali, ndi nyimbo zomwe. Mlonda anathamanga wapansi kukwera phiri kukasaka netiweki. Ambulansi inafika dzuwa likulowa. Kristina anapulumuka. Mwana wake wamwamuna tinamuika m'manda wopanda dzina.

Masabata atatu sindinauze munthu. Tsiku lililonse 3 koloko ikakwana ndinkadziwa kuti mwina kuchipatala kuja wina akuitana.

Kenako inabwera galimoto yoyera ya boma, ya nyanga zachitsulo padenga. Inkayenda pang'onopang'ono, kuima, kutembenuka, ngati galu wonunkhiza mapazi. Akhristu anathamangira kutchalitchi. A Gerevazio, apampando athu, anati, “Akulu, tikakwirire kamakinaka m'munda mwa mbatatesi. Boma likalowerere bwanji pa za Mulungu?”

“Chinthu chopempherera sachikwirira ngati chakuba,” anayankha a Kalisto. Anakanyamula okha, nakaika pa mwala wa pakhomo.

Wotsogolera a bomawo anali mayi wovala mpango wa Chisilamu, a Raheema. Sanakalipe. Anafunsa kuti, “Bambo, kudimba kwanu madzi a m'ngalande mumagawana bwanji?”

“Aliyense ali ndi tsiku lake ndi mzere wake.”

“M'mlengalengamu ndi chimodzimodzi. Njira za mawu n'zochepa, ndiye boma limagawa: iyi ya ndege, iyi ya apolisi, iyi ya zipatala, izi za nyumba zoulutsa mawu. Aliyense ndi chilolezo chake, ndi malire a mphamvu yake. Makina anuwa alibe sefa, akusefukira mumzere wa chipatala.” Anatchula tsiku ndi ola.

A Kalisto anadziwa maliro a tsiku limenelo, chifukwa kabokosi anakhoma ndi iwo. Anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

“Mlongo, munaliko,” anatero. “Munamva mawu anga?”

“Ndinamva.”

Sanandifunsenso china, ngakhale tsiku limodzi. Anatenga nkhwangwa nagwetsa mlongoti uja a boma asanachoke. Lamulungu anaima pamaso pa mpingo nati, “Ndinalima m'munda wa eni osafunsa malire. Pemphero likatsekera mnzako njira lasanduka phokoso.” Za ine sanatchule. Anakagwada kwa Kristina, ndipo Kristina anakhala chaka chathunthu osawayankha moni. Iwo sanaleke kupereka moniwo.

Kuchokera pamenepo wailesi yawo inali miyendo. Zaka khumi ndi chimodzi anayenda khomo ndi khomo, mu Juni mozizira muja, m'matope a Febuluwale, kupemphera ndi odwala. A Magadalena atamwalira anawonjeza midzi ina iwiri. Anyamata akabwera ndi timakina takunja tokokera netiweki kuti awalumikizire, ankafunsa kaye kuti, “Chilolezo chili kuti? Ukudziwa amene umutsekere?” Popanda pepala sankagwira.

Anayambanso chizolowezi chimene ena chinkawatopetsa. Akatha Tikuoneni Maria khumi ankakhala chete nthawi yaitali, mutu atapendeketsa. Tikafunsa ankati, “Mwina wina akuitana.”

Anadwala chifuwa masabata awiri. Atalandira masakramenti, tinawazungulira masana kupemphera korona, ndipo wotsogolera anali Kristina, atabereka mwana wake wachitatu kumbuyo. Titatha khumi lachiwiri tinakhala chete monga mwa nthawi zonse. Titati tiyambenso, anali atapita.

Inu ana, mphepo imene mukuiona yopanda kanthuyi ili ndi eni ake. Ndipo mukamva mawu amene mukuwadziwa akutseka njira, nenani tsiku lomwelo. Ine ndanena patapita zaka khumi ndi chimodzi.

Ambuye awapumitse mtumiki wawo Kalisto. M'limana lathu chete uja timamusungabe, ndipo ine ndimamuopa.