Tsiku Limene Malume Anaona Moto wa M'injini

Malume anga ndi makaniko wa mainjini a dizilo. Pagalaja pomwe agwira ntchito chiyambire unyamata wawo, palibe amene amawatchula dzina lenileni. Onse amangoti a Khutu. Ine si makaniko, choncho zonse zokhudza injini zimene ndalemba pano ndachita kufunsa mobwereza, kuopa kunamiza anthu.

Dzinalo linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Galimoto ikabwera ikudwala, iwo sankathamangira sipanala. Ankatenga sikuludilaiva yaitali ya chigwiriro chamtengo, n'kugunditsa nsonga yake pa injini ikulira, chigwirirocho n'kuchikanikiza kukhutu, maso ali chitsinzinire. Ankasuntha nsongayo pang'onopang'ono, silinda ndi silinda, kenako n'kunena kuti, "Wachitatuyu akutsokomola." Masilinda, zipinda za m'injini zoyakiramo dizilo, ankawatchula ngati ana a m'nyumba imodzi, ndipo kawirikawiri akatsegula ankapezadi kuti wotsokomolayo ndi yemweyo.

Makutu anayamba kuwathawa mwakachetechete. Kunyumba tinazindikira msanga, chifukwa wailesi ankaikweza mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo akazi awo ankachita kuwakodola pofuna kuwaitana. Koma kuntchito anabisa. Chigwiriro chija anachisamutsa kukhutu n'kumachiluma ndi mano, kuti phokoso lizidutsa m'fupa.

"A Khutu, njala yafika pamenepa? Mwayamba kudya zida?" anzawo ankawaseka.

Iwo ankaseka nawo, koma mochedwa, atayang'ana kaye milomo ya wolankhulayo.

Zinaululika chifukwa cha lole ina yonyamula mchenga. Anaimvetsera, n'kunena kuti ili bwinobwino. Sipanapite nthawi, inabweranso ikufuka utsi wakuda bii, dalaivala akudandaula kuti pachitunda ikuchita kukwawa. Mwini galaja, mayi wachifundo koma wosazungulira polankhula, anawaitanira pambali.

"Bambo, ine ndimakulemekezani ngati kholo langa. Koma loleyi ikakukanikaninso, mukakhala kusitolo, muzikapereka masipanala."

Sitoloyo ndi kachipinda kopanda zenera, kokhala ndi mpando umodzi. Malume atabwera kunyumba anangoti, "Kumene kuja ndi kumanda kokhala ndi mashelefu." Tsiku limenelo sanayatse wailesi.

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amagwira ntchito m'chipinda choyeseramo mainjini pasukulu ina ya zaumisiri. Atamva nkhaniyi anapempha kuntchito kwake kuti abwereke zipangizo kwa tsiku limodzi, ndipo ine ndi amene ndinanyamula bokosi lake mpaka kugalaja.

"Iwe msuweni, nyamula ngati khanda," anandiuza. "Ukagwetsa, ndikukwatiwa ndi iweyo, uone mavuto."

"Chilango chimenecho chaposa mlandu," ndinayankha, koma bokosilo ndinalikumbatira ndi manja onse awiri.

M'bokosimo munali laputopu, mawaya, ndi kachitsulo kowonda ngati pensulo. Msuweni wanga anati dzina lake ndi sensa. Anafotokoza, akuyang'ana bambo akewo kumaso kuti aziona milomo, kuti amachotsa pulagi yotenthetsera silinda, sensa n'kulowa pabowo lomwelo, nsonga yake n'kukasuzumira m'kati mwenimweni momwe dizilo amayaka. Kunsongako kuli kamwala kakang'ono. Mpweya woyaka ukakapanikiza, kamatulutsa timagetsi, ndipo laputopu imajambula mzere wosonyeza kukula kwa mphamvuyo. Panalinso timawaya tina toika potulukira utsi pa silinda iliyonse, toyezera kutentha.

Malume sanakagwire kachitsuloko. Anaika manja kumbuyo.

"Ndiye kuti mwana wanga wabwera kudzatsimikizira anthu kuti ndatha?"

"Ababa, amayi atayamba kuvala magalasi, inu munati atha?"

"Amayi akowo anayamba kuona zambiri zosafunika," anatero malume. Anthu anaseka, ndipo iwo anatambasula dzanja.

Anakatembenuza kachitsuloko kangapo. "M'kati muja? Muli moto muja? Sikasungunuka?"

"Sikasungunuka, ababa."

 Kenako malume ananena mawu amene sindidzawaiwala. "Moyo wanga wonse ndatsegula mainjini, koma ndimafika moto utazima kale. Ndimangopeza mwaye."

Anamanga sensayo okha pa silinda yoyamba ya lole ija, mosamala ngati akuika mankhwala m'diso la mwana. Dalaivala analiza injini. Pa laputopu mzere uja unadumpha, n'kupanga kaphiri kosongoka, kenako kena, kenanso, mosalekeza.

"Kaphiri kalikonse ndi kuyaka kumodzi," anatero msuweni wanga. "Kumachitika mwachangu kuposa kuphethira kwa diso."

Malume anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anavula chipewa. Sindikudziwa ngati anazindikira kuti avula. Kenako anatulutsa sikuludilaiva yawo, n'kuigunditsa pa injini, chigwiriro n'kuchiluma, koma ulendo uno maso sanatsinzine. Zimene zinkagunda m'mano mwawo ankaziona zikukwera ndi kutsika patsogolo pawo. Amakaniko ena anasiya ntchito n'kutizungulira, ndipo panalibe amene anaseka.

Anazimitsa injini, n'kusamutsa sensa, n'kulizanso. Silinda yachiwiri inajambula phiri lofanana ndi loyamba. Pofika pa yachitatu, malume anagwedeza mutu motsimikiza, chifukwa ndi imene ankaikayikira. Koma phiri lake linali labwinobwino.

"Pepa wachitatu," anatero, akusisita chitsulo. "Ndakunamizira."

Pa yachinayi phiri linatuluka lalifupi, lophwatalala, ndipo linkakwera mochedwa. Kawaya koyezera kutentha kankasonyezanso kuti utsi wa silinda imeneyi ukutuluka wotentha kuposa wa zinzake.

"Makinawa angotiuza kuti moto ukuchedwa," anatero msuweni wanga. "Chifukwa chake sanena. Chikhoza kukhala chiyani, ababa?"

Malume anayang'ana phirilo nthawi yaitali. "Uyu akudzuka mochedwa, ndiye akutuluka panja asanamalize kudya. Injekita yake ikudontha m'malo mopopera. Bweretsani sipanala."

Injekita ndi kachipangizo kopopera dizilo m'silinda. Ataichotsa, nsonga yake inali yonyowa, yokutidwa ndi mwaye. Anaika ina, dalaivala n'kuliza. Phiri lachinayi linakwera n'kuima msinkhu umodzi ndi abale ake, ndipo utsi wakuda uja unayamba kuyera mpaka kusowa.

Mwini galaja anali ataima kumbuyo kwathu, manja atapinda.

"Ndiye kusitolo kuja ndiikako ndani?" anafunsa mokweza kuti amve.

"Mpandowo ukhale wokha, mayi. Wazolowera."

Mayiyo anaseka, n'kunena kuti galaja ipeza sensa yakeyake, bola malume avomere kuphunzira laputopu kwa mwana wawo popanda makani. Anavomera za kuphunzirazo. Za makanizo anati sanamve bwino.

Lero akadali pagalaja pomwepo, sikuludilaiva m'thumba la ovolosi, mawaya paphewa, ndipo dzina lawo silinasinthe. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mapeto a tsiku lija. Msuweni wanga atatambasula dzanja kuti atseke laputopu, iwo anamugwira pamkono.

"Taisiya kaye ilire pang'ono, mwanawe," anatero, chipewa chikadali m'manja. "Ndikufuna ndiuonebe."