Ndowa ya pa kapinga

Adalaiva anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi ziwiri osagundako ngakhale nkhuku, ndipo mawu amenewa ankawayamba okha munthu asanafunse. Atapuma pa ntchito dzinalo linawakakamira, moti ngakhale adzukulu ankati agogo Adalaiva. Iwo nawonso anapatsa akazi awo dzina loti aKondakitala. Linayamba ngati nthabwala ya pa chibwenzi, koma linakalamba nawo limodzi. Mayiwo sankalikana. Ankangoti kondakitala weniweni mwezi ukatha amalandirako kanthu.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu, ya zipinda zitatu, koma bwalo lake linali lalikulu kwambiri kuposa nyumbayo. Kapinga anamudzala chaka chomwe anabadwa mwana wawo woyamba, wamkazi, amene anadzakhala namwino. Loweruka lililonse mame akauma, Adalaiva ankatulutsa makina okankha n'kuyamba kutchetcha, mizere yake yowongoka ngati misewu ya pa mapu. Odutsa ankaima pa geti n'kuyamikira, ndipo iwo ankayankha kuti chinsinsi chake ndi dzanja basi.

AKondakitala ankadzuka iwo asanadzuke. Adalaiva akamamwa tiyi ankawaona pa windo akuyenda m'kapingamo pang'onopang'ono, atawerama, chitini chakale cha penti chili m'manja. Ankawaseka kuti akupereka moni kwa nyerere. Mayiwo akafika pafupi ndi mtengo wa mapeyala ankakonza ndowa yobiriwira yopanda chogwirira, imene inkakhala chovundikira pamenepo, kenako n'kubwerera ku khitchini.

Ndowayo ndiyo inali mkangano wa m'nyumbamo. Inkadula mzere wachisanu ndi chimodzi pakati penipeni. Adalaiva ankaizungulira akung'ung'udza kuti anthu ena sadziwa malamulo a pa msewu, koma kuigwira ayi, poti dalaiva satsika kukachotsa katundu panjira, imeneyo ndi ntchito ya kondakitala. Udzu wotsala m'mbali mwa ndowayo mayiwo ankaumeta madzulo ndi sizasi yawo yosokera.

AKondakitala anamwalira m'chilimwe, kapinga ali wouma. Anadwala masabata atatu okha. Pa maliro anthu anadzaza bwalo lonse, ndipo wina wokonda dongosolo anatola ndowa ija n'kukaiponya m'kanyumba kosungiramo zida. Mvula itayamba, kapinga anadzuka koma mawondo a Adalaiva anakana. Ankakankha makina mizere iwiri n'kukhala pansi, mawondo akuwotcha ngati mwalowa mchenga. Pofika mwezi wachiwiri udzu unali utafika m'mawondo omwewo.

Namwino uja ankakhala tsidya lina la mzinda, ndipo kwake kunali chipinda chopanda munthu. Tsiku lina atapeza njoka pa masitepe a khonde, anawauza bambo ake mosapita m'mbali kuti nyumbayo yayamba kuwameza, asamukire kwake. Anatchula zolemba munthu wotchetcha, iwo anakana kwamtuwagalu, amvekere kapinga wawo sanagwiridwepo ndi dzanja lachilendo. Mapeto ake anagwirizana chimodzi. Ngati bwalo angalisamale okha, akhala. Likawakanika, alongedza.

"Miyendo ndiyo yatha, mayi," anatero Adalaiva. "Koma manja a pa chiwongolero alipo. Ndigula aja okwera."

Makinawo anawasankha monga ankalandirira basi m'mawa ku depoti. Anayamba ayeza kukula kwa geti ndi chingwe, n'kumanga mfundo, chingwecho n'kuika m'thumba la jekete. M'sitolo yoyamba mnyamata wogulitsa anawaonetsa ofiira onyezimira okhala ndi poika kapu, koma atamufunsa kuti lamba akaduka amapezeka kuti, anayamba kukanda m'mutu. M'sitolo yachiwiri sanawalole kuliza injini. Anatulukamo akunena kuti mkazi safunsiridwa pa chithunzi.

Yachitatu inali kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, theka sitolo theka galaja. Mwini wake anali makaniko wa imvi, wa chala chimodzi chodukira pakati. Adalaiva anamuuza kuti abwera mawa m'mamawa, ndipo asalize makina aliwonse iwo asanafike, chifukwa injini imanena zoona ikadali yozizira. Makaniko uja anaseka n'kunena kuti lero kwabwera munthu.

M'mawa mwake anayesa atatu. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupaka pa chala, n'kununkhiza. Anapempha kuti makinawo awapendeke kuti aone kunsi, ngati chitsulo chophimba mipeni chili chochindikala kapena ndi malata opentedwa. Anatsina lamba. Anafunsa zosinthira, ndipo makaniko anawalozera shelefu pomwe mipeni, malamba ndi mafyuluta zinali zitapachikidwa. Anakwera n'kuzungulira mgolo wa oyilo kuti aone mmene amakhotera. Oyamba anawakana chifukwa buleki inali yolimba ndipo inali ku mwendo wamanzere, womwe unali wovutitsitsa. Achiwiri anali aakulu kuposa mfundo ya pa chingwe. Achitatu anali otuwa, osakongola, a mpando wokhala ndi potsamira, ndipo analira kamodzi n'kamodzi popanda kutsokomola.

Atakhala pa mpandowo, manja ali pa chiwongolero, anamva msana ukuwongoka wokha. Chimwalirireni akazi awo, aka kanali koyamba kufuna kuuza munthu kanthu.

Makaniko anati makinawo awafufuza mokwana, tsopano nayenso afunseko za bwalo. Kodi ndi lotsetsereka? Muli mizu yotulukira pamwamba? Nanga miyala, zitsulo, mapaipi? Anafotokoza kuti pa makina okankha munthu amayang'ana pansi, koma pa okwera amayang'ana kutsogolo ngati bwana, ndipo mpeni sufunsa chimene wakumana nacho.

"Zaka makumi atatu ndikutchetcha bwalo limenelija," anatero Adalaiva, "sindinagundepo mwala ngakhale umodzi. Mulibe."

"Ndiye muli ndi bwalo la angelo, achikulire," anatero makaniko. Anawalangiza kuti poti udzu watalika, ulendo woyamba akweze mipeni, wachiwiri ndiye atsitse mmene akufunira.

Loweruka loyamba zinayenda. Mipeni ili m'mwamba anamweta bwalo lonse osatuluka thukuta, ndipo madzulo anaimbira foni namwino kuti chipinda chija aikemo nkhuku. Anamuitana kuti Loweruka linalo adzaone yekha.

Anabwera atangoweruka ku chipatala, yunifolomu ili m'thupi, n'kukhala pa khonde. Adalaiva anatsitsa mipeni kufika pomwe ankakonda, pamene kapinga amaoneka ngati kapeti. Pa mzere wachiwiri kunsi kunamveka kuti the! Anati ndi kamtengo. Pa wachinayi kamwala kanauluka n'kukamenya chitseko cha kanyumba ka zida. Namwino anaimirira, koma iwo anamukweza dzanja kuti akhale pansi.

Atakhotera mu mzere wachisanu ndi chimodzi anaona kuti njira ili pululu mpaka ku mpanda. Panalibe ndowa. Kamtima kena kanakondwa kuti lero mzerewu uwongoka, ndipo asanachite manyazi ndi chimwemwe chimenecho, makina anagunda chinthu, n'kunjanja, n'kuzima. Madzi anatumphuka kunsi, kuwanyowetsa buluku ndi nsapato.

Anangokhala pa mpandopo, manja ali pa chiwongolero. Namwino analumpha kuchoka pa khonde. Anathamangira kuseri kwa maluwa a pa geti, n'kugwada, n'kutseka madzi. Iwo sankadziwa n'komwe kuti potsekera pali pamenepo.

Atakankha makinawo anaona kachitsulo ka paipi, kotalika ngati chala, katapindika. Apo m'pamene anakumbukira. Kale mpopi unali pamenepo. Anausamutsa okha kupita kuseri kwa khitchini namwinoyo ali sitandade wani, ndipo chotsalacho anangochitseka pamwamba n'kunena kuti adzachikumba Loweruka. AKondakitala anawakumbutsa kawiri kapena katatu, iwo n'kumati ndamva. Kenako mayiwo anasiya kunena.

"Ndowa ija," anatero Adalaiva.

"Eya, bambo."

"Iwe unkadziwa?"

"Tonse tinkadziwa. Tinkayesa inunso mukudziwa, mukungokonda kukangana nawo."

Anawagwira mkono n'kupita nawo kuseri kwa kanyumba ka zida. Kumeneko kunali mulu wofika m'chiuno, umene iwo ankauyesa zotsala za amisiri omanga nyumba. Atauyandikira anaona kuti ndi miyala ing'onoing'ono, nthanga za mapeyala, misomali, zidutswa za waya, mapegi othyoka, supuni, kagudumu ka chidole chimene anachizindikira. Namwino anafotokoza kuti ana a sukulu amagenda mapeyala sabata yonse ali kunja kwa mpanda, ndipo mvula nayo imafukula yake miyala. Amayi ake ankatola chitini chodzaza Loweruka lililonse, nthawi ya mapeyala ziwiri. Ngakhale sabata imene anayamba kudwala anatola, atagwira m'chiuno.

Adalaiva anatola supuni ija n'kuipukuta pa buluku lonyowalo. Anafuna kunena kuti bwanji sanandiuze, koma anadziwa yankho lake. Ankawaona pa windo Loweruka lililonse, kapu ya tiyi ili m'manja.

Lolemba kunabwera wokonza mipopi, ndipo anakumba chitsulo chija n'kukwirira dzenje ola lisanathe. Adalaiva anaimirira pambali atatsamira ndodo, ndipo munthuyo atapita anayankhula okha kuti Loweruka lija lafika. Makaniko naye anabwera ndi mpeni watsopano. Anagogoda chitsulo cha kunsi n'kunena kuti anasankha bwino, ena aja akanang'ambika pakati, awa adzatumikira mpaka adzukulu. Koma anawonjezera kuti makina alibe maso. Pafunika munthu woyenda patsogolo.

Loweruka lotsatira Adalaiva anadzuka mame asanaume. Chitini cha penti anachipeza pa msomali kuseri kwa chitseko, waya wake wogwirira atakulungidwa kansalu kuti asacheke dzanja. Anatulutsanso ndowa ija, osadziwa chifukwa chake, n'kukaivundikira pamalo pake ngakhale kuti pansi panalibenso chobisa. Kenako anabwerera pa khonde n'kuyamba.

Kuona mwala sikunali kovuta. Kovuta kunali kuufikira. Ankazika ndodo, n'kutambasula mwendo wamanzere, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka zala zitakhudza udzu, ndiye kudzuka kwake kunali ngati kukweza thumba la simenti. Anaona kuti miyala ina imabisala, imafuna uipapase ndi phazi. Anaona kuti msana umayamba kuwawa mawondo asanayambe. Dzuwa linakwera, mame anauma, nthawi yoliza makina inadutsa. Pofika pa mtengo wa mapeyala m'chitini munali miyala isanu ndi iwiri ndi msomali umodzi, ndipo mbali yaikulu ya bwalo inali isanapondedwe. Anakhala pa ndowa ija.

Namwino anawapeza pomwepo. Anayang'ana m'chitini, n'kuyang'ana bwalo, kenako anakhala pa udzu pafupi ndi mapazi awo. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Iye azibwera Loweruka lililonse m'mamawa, azitola, iwo azikwera makina awo. Akakhala pa ntchito azisinthana ndi anzake. Palibe chifukwa chosamukira, wawaona yekha mmene amawongolera.

Adalaiva anayang'ana mapazi a mwana wawo, otupa ndi kuimirira m'mawodi, ndi tiimvi tiwiri titayamba pa chipumi. Mwanayo anali atawerama mofanana ndi amayi ake, dzanja limodzi lili kale m'udzu, likupapasa lokha.

"Chotsa dzanja m'menemo," anatero.

"Bambo, si ntchito imeneyi."

"Amako nawonso ankatero. Ndinawadyera masuku pamutu zaka makumi atatu, anthu n'kumayamikira ine pa geti. Iwe ayi." Kenako anafunsa: "Chipinda chija sunaikemo nkhuku?"

Namwino anapukusa mutu.

Anasamuka mwezi womwewo. Makina anawasiyira banja limene linalowa m'nyumbamo, ndipo mwamuna wa m'banjalo Adalaiva anamuyendetsa bwalo lonse, kumuonetsa potsekera madzi, mbali imene miyala imagwera, ndi msomali wa chitini. Anamuuza kuti azitola yekha asanakwere, asatume munthu. Mwamunayo anavomera msangamsanga, maso ali pa chiwongolero, pamene mkazi wake ndiye ankayang'ana pomwe ndodo ikuloza.

Pokweza katundu m'galimoto, mkamwini wawo, mwamuna wa namwino, ananyamula ndowa yobiriwira n'kufunsa ngati nayonso ikupita, poti ilibe chogwirira ndipo pansi pake ndi pong'aluka. Adalaiva anailandira n'kukhala nayo pa miyendo ulendo wonse. Kwa namwino kulibe kapinga, bwalo lonse ndi la simenti. Ndowayo ili pakona ya chipinda chawo, chovundikira, ndipo posesa amaizungulira.