Agogo aiwala mwezi, koma fodya ayi

Mwaswera bwanji nonse? Ndine Tadala, ndabwereka foni ya amayi.

Lero Lachitatu sindinapite kusukulu. Ine ndi amayi tinaperekeza agogo aamuna kuchipatala ku Boma, kumene kwabwera madokotala ofufuza za matenda oiwalaiwala a okalamba. Paja chisocherereni agogo ku Lisasadzi kuja, amalume akhala akunena kuti tiziwatsekera m'nyumba.

Adokotala anawafunsa kuti uno ndi mwezi wanji, sanadziwe. Atawapempha kuti ajambule wotchi, anati, "Wotchi yanga ndi dzuwa, mwanawe."

Kenaka amayi akutulutsa buku lakuchipatala m'chikwama, munagwa tsamba la fodya. Agogo analitola, n'kulitambasula bwinobwino, n'kulinunkhiza. "Ili ndi lapansi. Wathyola lisanakhwime ndani?" Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Inenso ndinaseka, koma misozi ikulengeza.

Akuti ndi matenda ndithu, sanalodzedwe. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma tisamawatsekere. Azigwira ntchito imene manja awo akuikumbukirabe, wina ali pambali.

Amalume, inu mukuti bwanji? Ine mawa ndikaweruka ndikawayalira mkeka m'chigafa, tizikasankha fodya limodzi.