Matabwa a Bedi la Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene tinkakhala ku Ngong, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, mng'ono wanga Tadala zisanu ndi ziwiri. Abambo ankaphunzira zaubusa, amayi ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza ana olumala mu Nairobi. Kuntchitoko kunali mzungu wina wamkazi woyenda motsimphina, amene ankaphunzitsa ana kuyenda ndi ndodo. Ife tinkawatchula Anti Monika.

Tsiku lina anatiitana kunyumba kwawo ku Spring Valley. Tili pa tiyi, Tadala, yemwe manja ake sankamva mwambo, anatsegula chitini cha mabisiketi n'kupezamo mamendulo okhaokha. Apo ndiye nkhani inaululika. Kwawo ku Ulaya, kumapiri a sinowo, chipale chofewa chija chimene chimakuta nthaka m'nyengo yozizira, mayiyu anali katswiri wa mpikisano wotsetsereka. Anayamba ali msinkhu wa Tadala, anakula akudzuka mbandakucha kukalimbana ndi chisanu, ndipo anagonjetsa akazi anzake a m'dziko lonse kangapo, mpaka tsiku limene anagwa, bondo n'kuphwanyika. Anatiikira tepi ya vidiyo. Tinaona mtsikana atamanga matabwa awiri aatali kumapazi akutsika phiri loyera ngati ufa, akuzemba timbendera uku ndi uku, liwiro lake loti ngakhale matatu, maminibasi a mu Nairobi aja, sangamupeze. Pobwerera abambo anaseka mpaka kutsokomola. "Ife ku Dedza tatsetsereka pamathanthwe mpaka makabudula kutha," anatero, "koma mendulo yathu inali mkwapulo."

Ine sindinaseke. Mtima wanga unali utatsala pa phiri loyera lija.

Patapita milungu ingapo, Amalawi a mu Nairobi anapangana zokadyera pamodzi kumapiri a Ngong. Unali mwezi wozizira, udzu utanyowa ndi nkhungu. M'mawa wa tsikulo ndinasolola matabwa awiri pansi pa matiresi a amayi, ndinawakulunga mumkeka pamodzi ndi mphira za chubu, n'kutapako mafuta ophikira m'kapepala. Akuluakulu atatanganidwa ndi kuwotcha nyama ndi kufunsana za kumudzi, ine ndi Tadala tinazembera kuseri, kumene phiri linatsetsereka kwambiri. Ndinali wolimba mtima, koma osati wopusa, choncho ndinati ayambe ndi Tadala. Ndinapaka matabwawo mafuta, ndinamumanga mapazi ndi mphira mpaka kulimba kuti gwa, kenako ndinamukankha. Sindinkadziwa kuti matabwa enieniwo amawapanga kuti azimasuka okha munthu akagwa.

Poyamba zinayenda bwino moti ndinachita nsanje. Kenako thabwa limodzi linagunda kachulu. Mng'ono wanga anatembenuzika kawiri, matabwa akadali kumapazi, n'kukagwera m'kadzenje. Ndinadikira kuti alire, chifukwa Tadala ankalira ngakhale ntchentche itamutera. Sanalire. Anangogona zii, mkono utapindika pamalo pamene palibe mfundo. Ndinadziwa kuti ndapha mwana wa amayi anga.

Kukuwa kwanga kunabweretsa gulu lonse. Azibambo ankatsika akuterereka n'kugwa chagada, amayi akuitana dzina la Tadala ndi mawu amene sindifunanso kuwamva. Koma woyamba kufika anali Anti Monika. Anatsika cham'mbali, akuponda ndi m'mphepete mwa nsapato, ndipo pa phiri paja kutsimphina kwawo sikunaoneke n'komwe. Anagwada, anagwira mutu wa Tadala ndi manja awiri, n'kunena kuti pasapezeke womunyamula.

Inu mukudziwa mmene ife timachitira. Mwana akagwa timamutola msanga, kumugwedeza, kumuthira madzi, wina n'kukoka mkono kuti uwongoke. Mnyamata wina wa ku yunivesite anali atapinda kale malaya kuti akoke. Amayi anatambasula chitenje kuti amubereke.

"Anti, mwanayu ndi wanga," anatero amayi.

"Ndikudziwa, amake Tadala," anayankha motsitsa. "Inenso anandidzutsa mwachikondi chomwechi, n'kundiimiritsa. Mwaona mmene ndimayendera."

Amayi anayang'ana mwendo uja, n'kubweza manja. Sindikhulupirira kuti anachitapo chinthu chovuta kuposa chimenecho pa moyo wawo. Tinaima momuzungulira, mphepo ikutiwomba, fungo la nyama yopserera likutsika kuchokera kumtunda. Anti Monika ankangolankhula ndi Tadala pang'onopang'ono. Patapita nthawi imene kwa ine inali chaka, zikope za Tadala zinagwedera. Anamuuza kuti agwedeze zala za kumapazi, ndipo zinagwedezeka zonse. Tadala anayang'ana nkhope zomuzungulira n'kufunsa, "Ndapambana?"

Ena anaseka, ena analira, ine ndinangokhala pansi pa udzu wonyowa. Abambo anadula thabwa limodzi ndi chikwanje chodulira nyama, Anti Monika n'kumangirapo mkono uja mmene unaliri. Anamugoneka pamkeka, anthu anayi n'kumunyamula mosamala mpaka kugalimoto. Kuchipatala ku Parklands adokotala anati khosi ndi msana zili bwino. Fupa la mkono ndi limene linathyoka, ndipo nsonga yake inatsamira pa mtsempha, moti akanakoka mkonowo nkhani ikanakhala ina. Abambo anavula chipewa n'kugwira dzanja la Anti Monika nthawi yaitali. Nthabwala ya ku Dedza ija sindinaimvenso.

Namwino atamasula thabwa, amayi analitembenuza, analinunkhiza, kenako anandiyang'ana. Ndinakonzekera mendulo ya ku Dedza. Iwo anangondikokera pachifuwa n'kunditsina khutu pang'ono, akulira.

Masiku ano pamapiri paja pali zimphona za makina ozungulira ndi mphepo opangira magetsi, ndipo ana anga amaonera mipikisano ya sinowo pafoni ali gone pampando. Anti Monika anabwerera kwawo kalekale. Tadala ndi mayi wa ana atatu, ndipo kukazizira amandiimbira foni kundiuza kuti mkono wake uja wayamba kuwawa. Inenso ndikaona munthu wagwa pamsewu, ndine woyamba kuletsa anthu kumutola.

Thabwa lotsala lija linabwerera pabedi, koma malo a lodulidwalo anakhala opanda kanthu mpaka tinachoka ku Kenya. Abambo anafuna kangapo kuitana kalipentala, amayi n'kukana. Nditakula ndinawafunsa chifukwa chake ankalolera kugona pa bedi lolowa m'kati. Anati, "Msana ukafika pa dzenje paja, ndinkakumbukira kuti ana anga alipo onse awiri, ndiye tulo tinkabwera."