Kamtolo Pansi pa Tiyi

Mpaka lero ndikamva fungo la masaka onyowa, mtima umandibwezera m'shedi muja. Inali kuseri kwa tchalitchi, kumunsi kwa esiteti ya tiyi, ndipo kale ankasungiramo feteleza. Dzinja la chaka chimene boma linasintha tinagona m'menemo ine ndi amayi, pamodzi ndi azimayi ena asanu othawa amuna awo. Ndinali ndisanathe msinkhu.

Amayi anafika mkono uli m'mpango. Abambo anawathyola ndi mpini chifukwa anachedwa pamzere woyezetsa tiyi ku sikelo. Nanga tikanapita kuti? Nyumba ya ku malaini inali ya kampani, yolembedwa dzina la abambo, ndipo mkazi ukatulukamo umatuluka ndi nsalu yako basi. Kwathu ku Masambanjati amalume anati malo anatha, ngakhale pomanga khola la nkhuku panalibe.

Denga linkadontha, tinkatchera mapoto. M'mawa chifunga chinkalowera pansi pa chitseko, makoma n'kumachita thukuta la mchere. Njinga ikaima panja, azimayi onse ankasiya kutafuna.

Lachitatu lililonse kunkabwera namwino wa ku mishoni, Mayi Namatika, nsapato zawo zoyera zitafiira ndi matope. Ankawakhazika azimayi mozungulira pamasaka, ife ana n'kutithamangitsira pakhonde, koma khutu lilibe chitseko. "Lankhulani, muno mulibe wokumenyani," ankatero. A Nachisale, amene amuna awo anawagulula mano awiri akutsogolo, ankayankha kuti, "Asisitala, tikalankhula mano amera?" Onse ankaseka mpaka misozi, kenako misozi ija inkapitirira yokha.

Amayi anakhala chete milungu inayi. Wachisanu analankhula mpaka mawu kusasa. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti ndikanakhala ndi mlongo, koma anatuluka asanakhwime abambo atawaponda pamimba.

Chimanga chitayamba kuuma, akuluakulu a mpingo anati shedi ikufunika, aikemo zokolola. Abambo nawo anabwera atasamba, atanyamula shuga ndi sopo, n'kugwada pamaso pa anthu. Ine ndinakondwa, ndisakunamizeni. Ndinkawasowa anzanga a ku malaini.

Lachitatu lomaliza Mayi Namatika sananene kuti musapite. Anamasula chitenje chimene anali atavala, n'kuchiyala pansi. Anaikapo buku la kuchipatala la amayi, diresi langa limodzi, machesi ndi kasopo, n'kumanga mfundo ziwiri. "Amake Fanesi, ichi chisagone m'nyumba. Akayamba, musathawire kuchipinda, imani pafupi ndi khomo."

Titabwerera ku malaini, amayi anakabisa kamtoloko pansi pa tchire la tiyi, mzere wachitatu kuchokera pamtengo wa bulugamu. Anandionetsa kawiri kuti ndisaiwale. "Ukadzaona ndathamanga, usalire. Udzandipeze pano."

Sanathamange. Tsiku lake abambo ndi amene anaima pakhomo. Tinawaika amayi chiperoni chitangoyamba, anthu akunena kuti anagwa pamwala kumadzi. Patapita milungu, anthu odulira tiyi anakapeza kamtolo kaja chiswe chitadya mbali imodzi, n'kumayenda nako m'malaini kufunsa mwini wake. Ndinakazindikira ndili patali, koma ndinangoti duu, abambo ali pambali panga.

Zaka zambiri ndinkawada Mayi Namatika. Ndinkati anatilaulira, chifukwa munthu akubwerera kubanja sumumangira katundu wothawira. Lero ndili ndi zidzukulu ziwiri, ndipo mwana wanga wamkazi wabwera kale kawiri diso litatupa, n'kubwereranso. Ndikudziwa tsopano kuti namwino uja anali ataperekeza ambiri, ndipo ankadziwa kumene amapita. Nyumba yotipatsa analibe, munda analibe. Anali ndi chitenje chimodzi, ndipo tsiku limenelo anabwerera kumishoni mvula ikuwamenya, alibe chofunda kumutu.