Abambo a pa Wailesi

Amayi anga atasiya kuona, chimene chinawapweteka koposa chinali kulephera kuwerenga Baibulo lawo. Ine ndinkalawirira kukaphunzitsa ku Njuli, iwo n'kutsala okha m'nyumba mwawo kuseri kwa nkhokwe. Posakhalitsa anayamba kukana chakudya.

Masana pakhomo pankatsala munthu mmodzi wodziwa kuwerenga, amuna anga, amene ankakonza mawailesi pakhonde. Koma iwo anali mkamwini, ndipo amayi mwambo sankaupinda. Mkamwini ndi apongozi ake sakhalirana pafupi. Akakumana panjira, wina amapatuka. Nditawapempha kuti alole kuwerengeredwa, anandiyankha mwachidule: "Afa ndi maso, mwana wanga, osati ulemu."

Amuna anga sanatsutse. Anaphwasula mawailesi akufa natolamo tizipangizo. Anapota waya wopyapyala pa pensulo yanga, natenthetsa chitsulo pa mbaula, nalumikiza zonsezo ndi mtovu m'chitini cha mabisiketi. Utsiwo sindinakondwere nawo, ngakhalenso nsungwi imene anaimika pambali pa nyumba kuti ikweze waya.

"Bambo, kodi mukutsegula nyumba youlutsira mawu pakhomo panga?" ndinawafunsa amuna anga.

"Musade nkhawa, mayi. Mawu ake akangodutsa nkhokwe amakhala atatopa."

Loweruka lina ndinaika wailesi pafupi ndi mphasa ya amayi. Poyamba inangosokosa. Kenako munatuluka chifuwa cha amuna anga chimene mudzi wonse unkachidziwa, ndipo Salimo linayamba. Amayi anatembenuza mutu, namvetsera mpaka kumapeto osaphethira. Sakanalephera kuzindikira mawuwo.

"Abambo a pa wailesiwa amawerenga bwino," anatero, "koma amathamanga. Ukakumana nawo uwauze." Atatero anaitanitsa phala.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mthenga. Amayi ankasankha chaputala, ine n'kukanena pakhonde ndisanapite kusukulu. Nthawi zina ankatumiza chinangwa chootcha, amvekere n'cha abambo a pa wailesi. Amuna anga ankachilandira ndi manja awiri. Ankayesetsa kuwerenga modekha, koma akafika pa mavesi amene ankawakonda, liwiro linkabwerera, ndipo madandaulo ankandipeza madzulo.

Mvula ya chaka chachitatu itayamba, amayi anafooka kwambiri. M'mawa wina anandigwira chitenje.

"Mkamwini wanga sangalowe muno."

"Ndikudziwa, amayi."

"Koma abambo a pa wailesi aja ndi alendo. Mlendo sitimusiya panja."

Ndinapita kukawaitana. Anavula nsapato pakhomo, nalowa chowerama, nagwada maso ali pansi. Amayi anafufuza dzanja lawo mpaka analipeza, nasisita zipsera zimene chitsulo chamoto chinasiya pa zala. Anazisisita nthawi yaitali.

"Werengani, bambo," anatero potsiriza. "Lero ndili pafupi. Mukathamanga ndikutsinani."

Tsiku limenelo amuna anga sanathamange.